Kambiranani za mtengo musanadwale: malangizo pa inshuwalansi ya zaumoyo ndi mabilu a kuchipatala

Munthu amene akumva ululu sanenerera mtengo. Pogula chinthu china chilichonse mukhoza kutembenuka n'kuchoka wogulitsa akatchula mtengo wosakukomerani, koma mwana akamabanika pakati pa usiku palibe kholo limene limayamba lafunsa kuti bedi ndi ndalama zingati. Apa ndi pamene pagona kudula kwa chithandizo cha kuchipatala: wogula amafika atafooka, sadziwa chimene akufunika kugula, ndipo kawirikawiri amene amamuuza choti agule ndi yemweyo amene akugulitsa. Lipoti limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi banki ya World Bank anatulutsa mu 2023 linasonyeza kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni padziko lapansi amawononga ndalama zoposa 10 peresenti ya bajeti ya pakhomo pawo polipira chithandizo kuchokera m'thumba mwawo. Malangizo otsatirawa sangatsitse mtengo wa makina a chipatala kapena malipiro a madokotala, koma angakuthandizeni kugwiriratu ntchito yokambirana ndi yowerengera ndalama mukadali bwino, chifukwa pabedi la m'wodi mpata umenewo simudzaupeza.

Yambani ndi malisiti a chaka chatha

Musanatsegule kabuku kalikonse ka kampani ya inshuwalansi, sonkhanitsani malisiti, makadi a kuchipatala ndi mauthenga a malipiro a miyezi 12 yapitayi, ndipo mulembe zonse zimene banja lanu linawononga pa matenda. Musalekere pa ndalama ya dokotala ndi ya mankhwala. Lembaninso ya kuyezetsa magazi, ya mayendedwe, ndi masiku amene wina anajomba kuntchito podikirira wodwala. Kenaka gawani mndandandawo pawiri, mbali ina zimene zimabwera mwezi ndi mwezi mosaphonya, monga mankhwala a shuga, a mphumu kapena a kuthamanga kwa magazi, mbali inayo zimene zinangogwa mwadzidzidzi. Onjezani zimene mukuziona zikubwera: mimba, opaleshoni imene dokotala anaitchula kale, ng'ala imene yayamba m'maso mwa kholo lanu. Ambiri amalumpha gawo limeneli chifukwa ndi lotopetsa, ndiye amagula inshuwalansi yogwirizana ndi mawu a wogulitsa m'malo mwa yogwirizana ndi matenda a pakhomo pawo.

Pezani manambala anayi m'pangano

Inshuwalansi ndi thumba limodzi limene anthu ambiri amaponyamo kuti ochepa amene adwale chaka chimenecho atapemo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lamulo loyamba lokakamiza ogwira ntchito kukhala m'thumba lotere linakhazikitsidwa ku Germany mu 1883. Thumbalo limadula pamene mankhwala ndi makina atsopano akukwera mtengo, pamene anthu akukhala zaka zambiri ali ndi matenda a mgonagona, komanso pamene athanzi atulukamo poona ngati akungotaya ndalama, n'kusiya odwaladwala okhaokha, zimene zimachititsa kampani kukweza mtengo kachiwiri. Kampani imadziteteza pobweza gawo lina la mtolowo kwa inu, ndipo gawo limenelo limakhala m'manambala anayi amene muyenera kuwapeza ndi kuwalemba papepala lanu.

Nambala yoyamba ndi pulimiyamu, ndalama imene mumalipira mwezi uliwonse kaya mwadwala kaya simunadwale. Iyi ndiyo imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa malonda. Yachiwiri ndi ndalama imene mumayamba mwalipira nokha kampani isanatulutse kalikonse, imene m'mapangano ambiri imalembedwa kuti deductible kapena excess. Yachitatu ndi gawo lanu pa bilu iliyonse, kaya ndi ndalama yokhazikika pa ulendo uliwonse wa kuchipatala kaya ndi peresenti ya bilu yonse. Yachinayi ndi malire, ndipo apa m'pofunika kudekha, chifukwa malire alipo a mitundu iwiri yotsutsana. Pali malire oteteza kampani, onena kuti ikafika pa ndalama zakutizakuti pachaka yasiya kulipira ndipo zotsala ndi zanu. Palinso malire oteteza inu, onena kuti mukalipira kufika pakutipakuti, zotsala zonse ndi za kampani. Ku United States lamulo la zaumoyo la mu 2010 linalamula kuti mapangano ambiri akhale ndi malire a mtundu wachiwiriwu, koma m'maiko ambiri amene mudzawapeze ndi a mtundu woyamba okha, ndipo nthawi zina amagawidwanso: malire a mankhwala payekha, a mano payekha, a khansa payekha.

Tiyerekeze ndi mapangano awiri, manambala ake akhale a ndalama za dziko lililonse. Pangano loyamba mumalipira 100 pamwezi, mumayamba mwalipira nokha 3,000, kenaka gawo lanu ndi 30 peresenti. Lachiwiri mumalipira 180 pamwezi, mumayamba ndi 500, gawo lanu ndi 10 peresenti. Chaka chimene palibe wadwala, loyamba lakudyerani 1,200 pamene lachiwiri lakudyerani 2,160, ndipo loyambalo likuoneka lanzeru. Koma tiyeni tiike opaleshoni ya 10,000. Pa pangano loyamba mulipira 1,200 ya miyezi, 3,000 yoyambira, ndi 2,100 monga gawo lanu pa 7,000 yotsalayo, zonse pamodzi 6,300. Pa lachiwiri mulipira 2,160, kuwonjezera 500, kuwonjezera 950, zonse pamodzi 3,610. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti pangano lotsika mtengo ndi loipa nthawi zonse. Kwa wachinyamata wathanzi amene wasungadi 3,000 ija pambali, likhoza kukhala loyenera. Chimene ndikunena n'chakuti pangano lililonse liwerengedwe kawiri, pa chaka chabwino ndi pa chaka choipitsitsa, ndipo funso loti mudziyankhe moona mtima ndi lakuti ndalama ya chaka choipitsitsacho mungaipeze kuti popanda kugulitsa katundu.

Werengani tsamba la zimene salipira

Mukatha manambala, pitani pa tsamba limene wogulitsa salitsegula yekha, la zinthu zimene kampani silipira ndi la nthawi yodikira. Mapangano ambiri salipira chilichonse m'miyezi yoyambirira kupatula ngozi, ndipo amadikiritsa nthawi yaitali pa uchembere ndi pa matenda amene munali nawo kale polowa. Ku South Africa, mwachitsanzo, lamulo limalola kudikiritsa munthu mpaka miyezi 3 pa chithandizo chonse ndi mpaka miyezi 12 pa matenda amene analowa nawo, ndipo wolowa koyamba atapitirira zaka 35 akhoza kuwonjezeredwa ndalama yapamwezi monga chilango cha kuchedwa. Ku United States, kuyambira mu 2014 n'koletsedwa kukana munthu chifukwa cha matenda amene anali nawo kale. Malamulo amasiyana chonchi dziko ndi dziko, choncho funsani bungwe loyang'anira za inshuwalansi kwanuko kuti kampani ili ndi ufulu wotani ndipo inu muli ndi wotani.

Polemba fomu yolowera, nenani zoona zonse za thanzi lanu. Kubisa shuga kapena opaleshoni yakale kumatsitsa pulimiyamu lero, koma tsiku limene mudzabwere ndi bilu yaikulu kampani idzaitanitsa mafaelo anu akale, ndipo ikapeza chobisikacho ikhoza kukana kulipira kapena kuthetsa pangano lonse, ndalama za zaka zonse zija zitapita kale. Zimene wogulitsa walonjeza pakamwa, muuzeni akuonetseni pamene zalembedwa.

Ngati ndalama ndi zochepa, tetezani chachikulu

Banja limene silingakwanitse pangano lolipira zonse lisankhe kuteteza zimene zingaligwetse, osati zimene zimangolipsinja. Chimfine, kuonana ndi dokotala kamodzi ndi mapilitsi a mutu mukhoza kulipira kuchokera pa kandalama kosungidwa pambali. Kugonekedwa masabata awiri, opaleshoni, khansa kapena kutsukidwa magazi impso zikafooka, kumene kawirikawiri kumachitika katatu pa sabata, ndi zimene zimagulitsitsa nyumba. Makampani ambiri ali ndi pangano lolipira za kugonekedwa kokha, ndipo limakhala lotsikirapo mtengo. Fufuzaninso ngati mungalowe pagulu, kudzera kuntchito kwanu, kuntchito kwa mwamuna kapena mkazi wanu, kapena m'bungwe la ogwira ntchito yofanana, chifukwa gulu limapatsidwa mtengo wabwino kuposa munthu payekha ndipo nthawi zina olemba ntchito amalipirako gawo. Dziwaninso chithandizo chimene boma la dziko lanu limapereka kwaulere kapena motsika mtengo, monga katemera, sikelo ya amayi oyembekezera, mankhwala a TB ndi a HIV, kuti musalipirire kawiri chinthu chimene msonkho wanu unalipira kale.

Mukalowa, musadumphitse mwezi. Pangano likaduka chifukwa cha kusalipira, kubwereranso kungatanthauze kuyambanso nthawi yodikira. Ndipo chaka chilichonse kalata yokweza mtengo ikafika, bwerezani kuwerengera kuja, chifukwa si pulimiyamu yokha imene imasintha. Malire amatsitsidwa mwakachetechete ndipo zipatala zina zimachotsedwa pa mndandanda.

Musanalandire chithandizo chimene chingadikire

Pano ndiyenera kuchenjeza. Kupweteka kwa pachifuwa, kufa ziwalo mbali imodzi, kupotoka pakamwa, kutaya magazi kwa mayi woyembekezera, kukomoka kapena kubanika kwa mwana, zimenezi sizidikira kuwerengera kulikonse. Thamangirani kuchipatala chapafupi, za ndalama mudzaziona pambuyo. Zimene zikutsatirazi ndi za chithandizo chimene chili ndi tsiku lake.

Imbani foni ku kampani ya inshuwalansi ndipo mutsimikize kuti chipatala chili pa mndandanda wa zimene amagwira nazo ntchito. Musalekere pa chipatala, funsaninso za dokotala wochita opaleshoni, dokotala wogonetsa tulo ndi labotale, chifukwa aliyense wa ameneŵa akhoza kutumiza bilu yakeyake, ndipo wina akhoza kukhala kunja kwa mgwirizano ngakhale akugwira ntchito m'nyumba yomweyo. Vuto limeneli linakula kwambiri ku United States moti mu January 2022 kunayamba kugwira ntchito lamulo loletsa ambiri mwa mabilu odzidzimutsa otere. Kumene kulibe lamulo lotero, chitetezo chanu ndi kufunsa. Kampani kawirikawiri imakhala ndi mtengo wakewake pa chithandizo chilichonse, ndipo dokotala akalipiritsa kuposa pamenepo, kusiyanako, kumene pakauntala amakutcha shortfall, kumagwera inu. Pemphani chilolezo cha kampani musanagonekedwe, lembani nambala ya chilolezocho, tsiku, ndi dzina la amene mwalankhula naye. Kuchipatala pemphani chiyerekezo cha mtengo cholembedwa, ndipo ngati nthawi ilipo, kachifanizireni ndi cha chipatala china.

Kwa dokotala, funsani mwaulemu koma mosazengereza. "Adokotala, kodi kuyezaku kusintha chiyani pa chithandizo chimene mundipatse? Ilipo njira ina yotsikirapo mtengo? Nanga titadikira sabata ziwiri, chingaopse n'chiyani?" Madokotala ambiri sadziwa mtengo weniweni wa zimene akulemba, ndipo wodwala akanena poyera kuti akulipira yekha, amaganizanso. Si kupweteka msana kulikonse kumene kumafuna sikani m'masabata oyambirira, ndipo chimfine choyambitsidwa ndi mavairasi sichimva mankhwala opha mabakiteriya. Nyamulaninso zotsatira za kuyezetsa kwam'mbuyo kuti asabwereze zimene zinachitika mwezi watha. Pa opaleshoni yaikulu yosafulumira, kumva maganizo a dokotala wachiwiri n'kotsika mtengo kuposa opaleshoni yosafunikira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pa mankhwala, funsani dzina lenileni

Mankhwala aliwonse ali ndi maina awiri, dzina la chimene chili m'kati ndi dzina la malonda limene kampani inasankha. Panadol ndi dzina la malonda, paracetamol ndiye mankhwalawo. Kampani yotulukira mankhwala atsopano imatetezedwa ndi lamulo kwa zaka 20 kuti ena asapange, ndipo nthawiyo ikatha makampani ena amapanga omwewo, a mphamvu yomweyo, pamtengo wotsika kwambiri. Kukula kwa kusiyanaku kunaonekera poyera pa mankhwala otalikitsa moyo: m'chaka cha 2000 ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pachaka, koma mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ipereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350. Choncho pemphani dokotala alembe dzina lenileni, monga metformin, amlodipine kapena amoxicillin, ndipo ku famase funsani mitengo ya mitundu yonse imene ali nayo. Ngati muli pa inshuwalansi, onani mndandanda wa mankhwala amene kampani imalipira mokwanira, ndipo ngati matenda anu ndi a nthawi yaitali, alembetseni ku kampaniyo kuti mankhwala ake asadye malire a zinthu za tsiku ndi tsiku. Bungwe la WHO lakhala likutulutsa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri kuyambira mu 1977, ndipo maiko ambiri ali ndi mndandanda wawo wotengera pamenepo; mankhwala a pamndandandawo ndiwo amapezeka mosavuta m'zipatala za boma.

Kutsika mtengo kuli ndi malire ake. Mu 2017 bungwe lomwelo linayerekeza kuti mankhwala amodzi mwa 10 alionse m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ndi achinyengo kapena osakwana mphamvu, choncho gulani ku famase yovomerezeka yokha, osati m'chikwama cha munthu woyendayenda kapena pa tsamba la pa intaneti losafunsa kalata ya dokotala. Musadule mapilitsi pakati kapena kudumphitsa masiku kuti botolo likhalitse popanda kukambirana ndi dokotala. Mapilitsi a kuthamanga kwa magazi ali m'gulu la mankhwala otsika mtengo kwambiri, pamene sitiroko ndi kufooka kwa impso kumene kumatsatira akasiyidwa kuli m'gulu la matenda odula kwambiri. Pafupifupi theka la akuluakulu amene magazi awo amathamanga sadziwa kuti ali ndi vutoli, ndipo kuyezetsa kwake kumatenga mphindi zochepa chabe.

Bilu ikabwera, musathamangire kulipira

Mayi anga aang'ono atagonekedwa masiku atatu chifukwa cha chibayo, tinapatsidwa kapepala ka mizere inayi: bedi, mankhwala, labotale, ndi zina. Mzere wa "zina" unatsala pang'ono kufanana ndi wa bedi. Nditapempha bilu yofotokoza chinthu chimodzichimodzi, wa pakauntala anandiyang'ana ngati ndamunamizira kuba, komabe patapita kanthawi anabwera ndi masamba atatu. Tinakhala pabenchi ndi mchemwali wanga amene ankawadikirira usiku, iye akukumbukira, ine ndikuchonga ndi cholembera. Tinapeza usiku wachinayi umene mayiwo anagona kunyumba kwawo, botolo la dilipi lolembedwa kawiri pa ola limodzi, ndi kuyeza magazi kumene dokotala analamula m'mawa koma n'kukuletsa masana. Sindikhulupirira kuti panali wofuna kutibera. M'wodi yotanganidwa amalemba ndi anthu ambiri, ena akuweruka ena akulowa, ndipo chimene chalowa m'kompyuta sichituluka chokha. Atationa tili ndi masiku ndi maola, anakonza popanda mkangano.

Chitani chimodzimodzi nthawi zonse. Wodikirira wodwala akhale ndi kabuku kolembamo tsiku ndi ola logonekedwa, mankhwala operekedwa, zoyeza zimene zachitikadi, ndi ola lotuluka. Bilu ikabwera ifanizireni ndi kabukuko, ndi chiyerekezo chija munapatsidwa poyamba, ndiponso ndi chikalata cha kampani ya inshuwalansi chosonyeza zimene yalipira ndi zimene yakana. Musalipire shortfall musanaone chikalata chimenechi, chifukwa nthawi zina chipatala chimakulipiritsani ndalama imene kampani ikadali m'kati mokonza. Ngati munalipira nokha kuti mudzabwezeredwe, tumizani malisiti msanga, pakuti mapangano amaika nthawi imene ikadutsa salandiranso pempho.

Kampani ikakana kulipira, pemphani chifukwa chake cholembedwa ndi ndime ya m'pangano imene yatsamirapo. Kukana kwambiri kumachokera pa zinthu zazing'ono, monga nambala ya matenda yolembedwa molakwika, kalata yotumizira wodwala yosowa, kapena dzina losiyana chilembo chimodzi ndi la pakhadi, ndipo zimenezi zimakonzeka chipatala chikatumizanso mapepala. Ngati akuti chithandizocho sichinali chofunikira, pemphani dokotala wanu alembe kalata yofotokoza chifukwa chimene anachisankhira, ndipo muchite apilo motsatira ndondomeko ya kampaniyo, mukusunga kope la chilichonse chimene mwatumiza. Zikakanika pamenepo, pitani ku bungwe la boma loyang'anira makampani a inshuwalansi kapena ku ofesi yomva madandaulo a ogula, kumene kawirikawiri dandaulo limalandiridwa kwaulere.

Ikatsala ngongole yeniyeni imene simungathe kuilipira nthawi imodzi, pitani ku ofesi ya zachuma ya chipatalacho musanapite kwa wobwereketsa ndalama. Funsani ngati amachotserako wolipira yekha, ngati ali ndi thumba lothandiza ovutika, ndipo ngati alipo wa zachisamaliro cha anthu amene angaone nkhani yanu. Zipatala zambiri za mipingo ndi za mabungwe osafuna phindu zili ndi dongosolo lotere koma sizililengeza. Pemphani kulipira pang'onopang'ono, ndipo mutchule ndalama imene mungaikwanitsedi mwezi uliwonse, osati imene ingakuchotseni manyazi tsiku limenelo. Ngongole ya kuchipatala nthawi zambiri imakhala yopanda chiwongoladzanja kapena ya chiwongoladzanja chochepa, pamene ya katapila imabereka mwezi ndi mwezi mpaka kuposa bilu imene munkathawa. Mgwirizanowo ulembedwe ndipo mbali zonse zisaine, lisiti la gawo lililonse mulisunge pamodzi ndi bilu yoyamba ija, ndipo mukamaliza mupemphe kalata yonena kuti ngongole yatha.